Khadi la Pashawa

Izi funsani ine, amene ndinasesa makonde a yunivesite ija mpaka matsache zikwi zitatu kuthera m'manja mwangamu.

Mu labotale ya mankhwala munkagwira ntchito bambo ena, tinkawati a Makiyi, poti akamayenda makiyi a m'chiuno mwawo ankalira ngati ngolo yodzaza zitsulo. Pakona panali shawa ya pangozi: asidi akakutayikira, umathamangira pamenepo, kukoka chingwe, madzi khuu! Lamulo linkati sabata iliyonse aziikoka, aone ngati madzi akutuluka, n'kusaina pakhadi. A Makiyi chaka chonse anali asanaikhudzeko.

Tsiku lina madzulo anamva kuti oyendera akubwera m'mawa, ndipo khadi likapezeka lopanda kanthu, ntchito yatha. Onse ataweruka, iwo anatsalira n'kuyamba kusaina masabata onse, uku akusinthasintha zolembera kuti zisaoneke za tsiku limodzi.

Atafika pa mwezi wachisanu anamva: gwedee.

Chingwe chikugwedera chokha. Mawindo onse otseka.

Gwedee.

Kenako fungo la asidi loluma m'mphuno. Pansi pa shawa panaima munthu wovala gawuni loyera lobookabooka, likufuka utsi. Nkhope anaiphimba ndi mkono. Dzanja linalo likukoka, likukoka. M'paipi mukungolira mphepo.

"Akulu," anatero osacheuka, "mwalemba kuti madzi akutuluka?"

Tsitsi la a Makiyi linaima mpaka kusesa akangaude kudenga.

"Ndikupsa ine, akulu. Dzanja latopa. Tabwerani mundikokereko."

Miyendo ya a Makiyi inanyamuka yokha.

Kutacha ndinawapeza ndine, ali chilili pansi pa shawa, maso tong'o, chingwe chili m'manja. Amuna khumi ndi awiri tinatuluka thukuta kuti timasule zala zawo. Khadi linali patebulo. Paliponse pamene anasaina panali bowo lopserera, likadali lofunda.

Oyendera anatseka labotale tsiku lomwelo. Okonza mipope atafukula anapeza paipi ya shawayo itatsekeka ndi dzimbiri. Akalekale apantchito ankanong'onezana za wophunzira wina amene anathamangirapo zaka zam'mbuyo n'kukoka pachabe, koma ukawafunsa dzina ankangoyang'ana pansi.

A Makiyi sanapondenso kumeneko. Akazi awo akuti mpaka lero amadzuka usiku, kutsegula mipope yonse m'nyumba, n'kumafunsa mumdima, "Akutuluka, achimwene? Akukwanani?"