Almira ndi Khoma la Kachisi

Almira anali ndi kapu imodzi. Inali kapu yadothi, yoyera mbee. Inali ndi timaluwa tabuluu. Almira ankaikonda kapuyo kwabasi. Ankafuna kukhala nayo mpaka kukalamba.

Bambo ake, a Tibbets, anali mtsogoleri mu Mpingo wa Oyera Mtima. Anthu a m'tauni yawo ya Kirtland ankamanga kachisi. Lamulungu, Bambo ankalalikira. Masiku enawo, Bambo ankasenza miyala.

Tsiku lina Bambo anaimirira mumpingo.

"Abale ndi alongo, makoma atha," anatero. "Kwatsala pulasitala. Bweretsani zibenthu za makapu ndi magalasi. Tizisinja. Tizisakaniza ndi laimu. Khoma lidzanyezimira!"

Ana onse anathamanga kukatola zibenthu.

Almira anafuna pansi pa bedi. Palibe. Anafuna kuseri kwa khola. Palibe. Ziwiya zina zonse za kwawo zinali zamalata. Nanga malata n'kusweka?

Lovina, mnzake, anabwera ndi dengu lodzaza.

"Iwe Almira, chimanjamanja?" anaseka Lovina. "Mwana wa mtsogoleri weniweni? Manyazi bwanji!"

Almira anatembenuka. Anapita kunyumba. Anatenga kapu yake. Anaiyang'ana, naiyang'ananso. Mtima unamuwawa zedi. Kapu ankaifuna. Khoma lonyezimira ankalifunanso.

Anawapeza Bambo akusakaniza laimu.

"Bambo, nayi kapu yanga."

Bambo anagwada pansi.

"Mwanawe, ine ndinati zosweka. Iyi ndi yabwinobwino. Palibe akukukakamiza. Zonena za Lovina ndazimva, zisiye."

"Si za Lovina, Bambo. Kodi ikasweka, timaluwa tifa?"

"Ayi, sitifa. Tikhala pakhoma."

"Ndiye ndiiswa ndekha."

Bambo anamupatsa nyundo. Almira anatsinzina. Phwaa!

Almira analira pang'ono. Bambo nawonso anapukuta m'maso.

"Ndi mphepo yozizirayi," anatero Bambo.

Mphepo yake iti? Kunali bata tsiku limenelo!

Chisanu chinabwera. Chisanu chinapita. Kachisi anatha.

M'mawa wina dzuwa linawala. Banja lonse linapita kukaona. Eee! Khoma linali ng'aning'ani.

Almira anafuna timaluwa take. Anafuna pansi. Palibe. Anafuna pambali pa chitseko. Palibe.

"Vuto lako ndi kufupika," anatero Bambo. "Bwera kuno."

Anamunyamula paphewa. Anayenda naye pang'onopang'ono.

"Imani, Bambo! Imani! Ako!"

Pamwamba pa zenera panali kaduwa kabuluu. Kanali kakang'onong'ono. Kankanyezimira padzuwa.

"Ndiye mkaka uzimwera pakhoma?" anafunsa Amayi.

"Ayi, Amayi. Ndizimwera m'kapu ya Bambo."

"Yanga? Ndalakwanji ine?"

Onse anaseka. Almira anatambasula dzanja. Anakhudza kaduwa kake. Kanali kofunda.

"Ndikutsitse tsopano?" anafunsa Bambo.

"Musanditsitse, Bambo. Kapu yanga sinakongolepo chonchi."