Nati M'thumba la Ovolosi

Galaja ya Chisipanala inali malata anayi, jeke yakutha ndi galu wogona pa tayala. Dzinali anthu anamupatsa chifukwa sipanala sinkachoka m'manja mwake, ngakhale poloza munthu. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Injini ikangolira, iye wadziwa kale pamene pavuta. Koma pakamwa ndiye panali paminga. Kasitomala akafunsa chimene chawonongeka, ankamuyankha kuti, "Mukanakhala odziwa mukanabwera kuno?" Munthu ankabwera kamodzi, osabwereranso.

Tsidya la msewu kunali galaja ina. Mwini wake ankalandira anthu ndi mpando, kuwaonetsa chitsulo chimene chatha, n'kuwaperekeza mpaka pachipata. Magalimoto ankachita kundanda. Chisipanala ankawayang'ana mtima ukumuwawa, poganiza za mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi amene ankagona ndi njala. Zoti naye angaphunzire ulemu sizinamufike m'mutu. Iye anangoti mnzakeyo ndi wokhwima.

Tsiku lina masana anakagogoda kwa sing'anga amene ankachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Anali bambo waukhondo, wa shati yosita, wolankhula motsitsa.

"Mukufuna magalimoto kapena mukufuna anthu?" anafunsa sing'angayo.

"Magalimoto."

"Galimoto siyenda yokha, amisiri. Imapita kumene mwini wake wakhulupirira. Ine ndikupatsani lilime." Anatulutsa kabotolo ka mafuta akuda. "Dontho limodzi palilime. Aliyense wolowetsa galimoto pachipata panu azimva zokoma zokhazokha, ndipo azikhulupirira. Koma lilimelo likhala langa. Mawu oipa kwa kasitomala simudzawatulutsanso, ngakhale mutafuna."

Chisipanala anaseka. "Basi zomwezo?"

"Ndi nati imodzi. Mankhwala akamva njala, azimasula okha nati pa galimoto imene asankha. Muziipeza m'thumba mwanu."

"Nati ya pati?"

"Ya pamene pafunika."

"Nanga anthu okweramo?"

Sing'anga anayamba kubwezera kabotolo m'kabati. "Ngati mwabwerera anthu okweramo, chitseko ndi icho."

Chisipanala anagwira sing'angayo dzanja, natulutsa lilime.

Chaka chisanathe, pamalo pa malata aja panaima nyumba ya njerwa yokhala ndi mipando yofewa. Munthu uja ankakalipira anthu tsopano ankawalonjera ndi manja awiri. "Takulandirani, bwana. Khalani pansi, mayi." Anthu ankamusiyira makiyi osafunsa n'komwe. Galaja ya tsidya inatsekedwa. M'kupita kwa zaka mwana wake anaphunzira mpaka kukhala namwino, ndipo bambo anamugulira galimoto yofiira.

Nati yoyamba inabwera masana a Lachitatu. Mphunzitsi wina anali kutulutsa galimoto yake pamene Chisipanala anamva kanthu kozizira m'thumba la ovolosi. Anapisa dzanja, napeza nati ya girisi wakewake. Anathamangira pachipata kuti akuwe kuti imani, koma pakamwa panatuluka mawu aulemu: "Zonse zili bwino, bwana. Muyende bwino." Mphunzitsi anakweza dzanja akumwetulira. Pa phiri lotsetsereka chiwongolero chinamukanira, ndipo kunyumba sanafike.

Palibe amene anakayikira makaniko. Mkazi wamasiye anachita kubwera kudzathokoza kuti malemu ankamutama kwambiri. Zimenezi ndi zimene zinamudya Chisipanala kuposa imfayo.

Anayesa zonse. Nati iliyonse ankaimanga katatu mpaka manja kutupa. Anasoka matumba a ovolosi, koma nati yachiwiri anaipeza mu nsapato. Anayesa kulemba chenjezo papepala, dzanja linalemba kuti "Zikomo potikhulupirira." Atakhoma chipata ndi loko, m'mawa miyendo inamutengera komweko n'kukatsegula. Nati zinayamba kubwera pafupipafupi. Anabwerera kwa sing'anga, nagwada.

"Tengani galaja yonse. Ndibwezereni pakamwa panga."

"Chomeza sabweza, amisiri," anatero sing'anga akupinda mpango wake. "Ndiye mukudandaula chiyani? Si anthu amakukondani?"

Chimodzi chokha ndicho chinamutsalira. Kunyumba, kumene kunalibe kasitomala, lilime linali lake, ndipo analamula kuti wachibale aliyense asadzalowetse galimoto pagalaja pake. Chifukwa chake sananene. Akanayamba bwanji?

Loweruka lina m'mawa ali pansi pa lole, anamva hutala. Atatulutsa mutu anaona galimoto yofiira italowa kale pachipata, mwana wake akutsika atavala yunifolomu.

"Musakwiye, ababa," anatero namwinoyo akuseka. "Kutsogoloku kukulira, ndipo ndili pa ulendo wautali. Anthu onse amakhulupirira inu, ine mwana wanu ndizikapereka moyo wanga kwa amakaniko ena?"

Chisipanala anafuna kumukalipira ngati kale, kumutukwana kumene, kuti athawe. Pakamwa panati, "Wachita bwino, mwanangu. Khala pampandopo."

Chisipanala anakhala pansi pa galimotoyo maola atatu, misozi ikulowa m'makutu, akumanga nati imodziimodzi. Potuluka anamva kuzizira kwa nati kuja pantchafu.

"Zatheka, ababa?"

Chisipanala anamugwira mkono mwamphamvu. Anadziluma lilime mpaka magazi kuti lisayankhule, koma mawu anadutsa m'mano momwemo.

"Zonse zili bwino, mwanangu. Uyende bwino."

Mwanayo anapukuta bambo ake pakamwa ndi kansalu, n'kuwauza kuti atopa, akapume. Makiyi anawatenga m'dzanja limene linatambasuka lokha.

Uthenga wa imfa yake unafika dzuwa lisanalowe. Pamaliro, mkazi wake atamufunsa ngati galimotoyo anaiona bwinobwino, Chisipanala anavula nsapato n'kuyamba kuyenda, ndipo mutu wake sunabwererenso. Lero amaima pakati pa msewu kutsekereza magalimoto ndi manja onse. Dalaivala akatsitsa galasi kuti amve vuto, wamisalayo amawerama akulira n'kumufunira ulendo wabwino.

Mmisiri weniweni ndi amene amatha kukuuza mwaulemu mawu amene sukufuna kumva. Chikhulupiriro cha anthu chimabwera pang'onopang'ono, ndipo wochifuna mwachidule chifukwa cha dyera amachigula ndi moyo wa ena, mapeto ake ndi wa mwana wake yemwe.