Mabawuti Anayi a ku Kings Heath

Amalawi a ku Dudley akafuna kulangiza banja lolongolola ankati, "Kaoneni kwa a Chikafa." Roselyn Chikafa anafika ku England mu 2003 kudzagwira ntchito ya unamwino, ndipo mwamuna wake Gresham anamutsatira chaka chotsatira ndi mwana wawo Fiona. Gresham anali mmisiri womanga nyumba, wa dzanja lowongoka, ndipo ku Lilongwe anali folomani. Masiku amenewo Birmingham yonse inkanunkha simenti, moti sanathe sabata ali pakhomo. Loweruka awiriwa ankakwera basi kupita kumsika atakhala mpando umodzi, akuseka ngati a pachibwenzi.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2008 mabanki anagwedezeka, ntchito zomanga zinaima, nyumba zinasiyidwa zopanda madenga. Gresham anakhala pakhomo miyezi khumi ndi umodzi, kuperekeza Fiona kusukulu ndi kutsuka mbale. Roselyn sanamunyoze ngakhale tsiku limodzi, koma ulova uli ndi pakamwa pakepake. Mkazi akangofunsa kuti, "Mwadya?" iye ankamva ngati wamutukwana.

Chaka chotsatira boma linathira ndalama kuti nyumba zosiyidwa zija zimalizidwe. Mmodzi mwa amene anapeza mwayi anali Dixon, yemwe kakampani kake kanapatsidwa ntchito yomalizitsa mafulati ku Kings Heath. Dixon ameneyu kale ku Area 25 anali dakaboyi wa Gresham, wopondaponda matope ndi kunyamula njerwa.

"Bambo a Fiona, bwanji osangomuimbira Dixon?" anatero Roselyn.

"Ine? Kukapempha job kwa mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira levulo yoyezera khoma? Bola ndife ndi njala."

Patatha milungu itatu Dixon anaimba yekha. "Madala, ndikufuna munthu woti azindiyang'anira site. Palibenso wina amene ndingamudalire." Gresham anavomera mokhala ngati akumuchitira chifundo, koma tsiku limenelo anasamba akuimba nyimbo. Ntchito yake ina inali yoyendera sikafodi m'mawa uliwonse, zitsulo ndi matabwa zimene amisiri amakwerapo, ndipo akaona kuti zonse zalimba ankasaina kachikwangwani kobiriwira n'kukapachika pamakwerero. Aliyense woona kachikwangwaniko ankakwera osayang'ananso pansi.

Chimwemwe chimenechi chinaphedwa ndi Mildred, mayi wa kutchalitchi kwawo, amene sankaona chinthu n'kugona nacho. Lamlungu lina anamukokera Gresham pambali.

"Alamu, ine sindifuna kupasula banja, koma zinazi ayi. Ndinali pa basi, pamwamba pake, tikudutsa pa high street ya Kings Heath. Mu café ina ndinaona amake Fiona ndi Dixon. Atagwada, alamu! Atagwira dzanja la Dixon ndi manja onse awiri. Ndipo akuti si kamodzi. Anthu akuti job yanuyo... basi, ndisanene zambiri."

Anali atanena kale zambiri. Lilime lotere ndi loipa kuposa nkhwangwa, chifukwa mwini wake amakagona tulo tabwino.

Lolemba m'mawa Roselyn atangolowa kuchokera kuntchito, anapeza mwamuna wake ataima pakhomo la kukhitchini.

"Ku Kings Heath umakatani?"

Roselyn anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. "Ndinkakupempherani ntchito."

"Kangati?"

"Katatu. Dixon ankaopa kuti simudzalola kulamulidwa ndi iye. Ndinachita kumugwadira, monga timachitira kwathu popempha chinthu chachikulu. Ndinabisa chifukwa ndinkadziwa kuti mukana."

"Wabodza iwe! Munthu amapereka ufolomani chifukwa cha maondo okha? Unamulipira chiyani?"

"Bambo a Fiona, ndakhala ndikugwira ma night shift chaka chonse kuti nyumba ino isagwe, lero mukunditcha hule?"

"Wanena wekha."

Fiona anatulukira pamakwerero atavala yunifolomu. "Dad, stop shouting at Mum," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo, koma m'kamwa mokha.

Kwathu nkhani yotere ikanapita kwa ankhoswe, akanakhala pansi n'kumufunsa Dixon maso ndi maso. Kuno ankhoswe anali kutali, ndipo Gresham analibe mtima wowaimbira kuti awauze kuti mkazi wake ndiye anamupezera ntchito. Choonadi chinkamupweteka kuposa bodza. Kukhulupirira kuti wabedwa mkazi kunali kosavuta kuposa kuvomera kuti mkazi anagwada chifukwa cha iye. Dixon akamuwomba paphewa n'kunena kuti, "Madala, moni kwa alamu," Gresham ankamva mphuno zikutentha.

Lachinayi lililonse Dixon ankakwera yekha pamwamba penipeni kukaona mmene khoma layendera. Lachinayi lina la mu Novembala Gresham analawirira, nakwera ndi sipanala m'thumba. Anamasula mabawuti anayi ogwira chitsulo chotchinga m'mbali ndi thabwa lakumapeto, n'kuwasiya atangolendewera. Atatsika anasaina kachikwangwani kobiriwira. Kenako anauza amisiri ake kuti, "Lero aliyense agwire pansi. Pamwamba pasakwere munthu."

Dixon anafika cha m'ma naini, anayang'ana kachikwangwani, namwetulira. "Mukasaina inu, madala, ine ndimakwera ngakhale nditatsinzina." Gresham akanatha kumugwira malaya. Anali pafupi, mkono umodzi wokha. Anangoyang'ana kumbali, Dixon n'kukwera.

Kunamveka kulira kwa chitsulo, kenako phokoso limodzi lolemera pamulu wa njerwa. Dixon anamwalira ambulansi isanafike kuchipatala, nasiya mkazi wake Winnie ndi ana awiri.

Apolisi sanavutike. Mabawuti anaonetsa kuti anachita kumasulidwa, siginecha inali ya Gresham, ndipo amisiri asanu anachitira umboni kuti anawaletsa kukwera tsiku limenelo. Chifundo chimene anachitira anzakewo ndicho chinamumanga.

M'khothi lalikulu la ku Birmingham, Gresham ankaumirirabe kuti anaputidwa, mpaka pamene Winnie anaima kupereka umboni. Anayamba m'Chingelezi, koma mawu atamuthera anatembenukira kwa Gresham m'Chichewa.

"A Chikafa, mu café muja ndimagwiramo ntchito ine. Ndiye chifukwa ankakumanirana mmenemo. Maulendo onse atatu tiyi ndinawapatsa ndine. Mkazi wanu atagwada, ndine ndinamuuza Dixon kuti, 'Uwalembe, anakuphunzitsa ntchito amenewa.' Ndinachita kumukakamiza ine. Ndinamupha ndekha mwamuna wanga pokuchitirani chifundo!"

Woweruza analamula kuti akhale chete, koma Gresham anali atamva. Anayang'ana kumene kunakhala Roselyn, koma mkaziyo anali atazyolika. Mildred sanabwere n'komwe kukhothi. Akuti anali ndi shifiti. Chigamulo chinali ndende moyo wonse, osaganiziridwa zotuluka zisanathe zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Roselyn anasamukira ku Stoke-on-Trent ndi Fiona. Kundende sanapiteko. Anangotumiza mapepala othetsa ukwati, popanda ngakhale kakalata ka moni, ndipo Gresham anawasaina atakhala pakabedi kake, misozi ikugwera pa inki.

Nsanje imayamba ndi kunyada, abale. Munthu amene safuna kuthandizidwa amasandutsa omukonda kukhala adani, ndipo akadzazindikira amapeza palibenso womuuza kuti pepani. Lero Gresham amaphunzitsa akaidi anzake kumanga, m'shedi ya kuseri kwa ndende. Amaika njerwa mwaluso lake lonse, khoma limakwera lowongoka bwino. Ikakwana folo koloko woyang'anira amaliza wezulo, ndipo Gresham amaligumula yekha, njerwa imodziimodzi, kuti mawa ayambirenso. M'nyumba zimene amamanga tsopano simudzagona munthu.