Dongo la Gladness

Patatsala masiku anayi kuti mpikisano wa sayansi uchitike ku Kasungu Boma, Gladness, mtsikana wa Fomu 3 kusukulu ina ya ku Simlemba, anapeza botolo la asidi wamphamvu litatheratu. Iye ndi mnzake Ephraim ankafuna kuphatikiza sipiliti ndi vinega kuti apange madzi onunkhira, koma popanda asidiyo sizikanatheka.

"Musataye mtima," anatero Mayi Kalekeni, mphunzitsi wawo wa sayansi. "Ntchito ya asidi uja ndi kufulumizitsa chabe. Akatswiri ena amagwiritsa ntchito dongo lokonzedwa bwino. Silipsereza khungu, ndipo mukalitaya siliwononga madzi."

 Gladness anakumbukira dongo loyera la kudambo, kuseri kwa zigafa za fodya, paesiteti pamene makolo ake anali matenanti. Mawa lake anafika nalo m'thumba la feteleza, ali wefuwefu.

Ephraim anaseka. "Anzathu akabwera ndi makina, ife tikaonetse matope a kuesiteti? Ine ndiye ayi, uchite wekha."

Gladness anathira dongolo momwe linalili m'kabotolo ka sipiliti ndi vinega n'kutenthetsa. Panangomveka fungo la vinega. Anzake anaseka, iye nkhope inagwa, koma sanaleke. Mothandizidwa ndi aphunzitsi, anasefa dongolo, analinyika mu asidi wofooka amene analipo, analitsuka, n'kuliwotcha mpaka linasanduka ufa.

Tsiku lachitatu anayesanso. Anadikira, maso ali pakabotolo, thukuta lili kamukamu. Kenaka fungo lokoma ngati la zipatso zakupsa linayamba kumveka.

"Madamu! Madamu, tabwerani mudzanunkhize!" anakuwa Gladness akudumphadumpha. "Zatheka!"

Ophunzira anathamangira m'labotale, ena akusuzumira pazenera. Gladness anasefa dongo lija, analigwiritsanso ntchito, ndipo fungo linatulukanso. Mayi Kalekeni anaimba nthungululu ngati ali paukwati.

Ephraim anali ataima pakhomo. Anthu atachepa, anasendera pafupi, n'kutapa ufa uja ndi chala, akuuyang'anitsitsa.

"Gladness, ndinalankhula mopusa," anatero chapansipansi. "Undiphunzitse zonse, kuyambira poyambirira."

Gladness anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zake zopolishidwa, kenaka anamwetulira.

"Poyambirira ndi kudambo," anatero akumupatsa khasu. "Vula nsapatozo, tizipita."