Makina a Tsiku Limodzi

Chedly adamulakwira Najoua chaka chimene boma lidalamula kuti ntchito zake zina zizipatsidwa kwa timakampani ting'onoting'ono tokha. Anthu a mimba zazikulu sagona lamulo lotere likatuluka.

Adakumana pa siteji ya minibasi ku Gafsa, Najoua atasenza mtolo wa mayunifolomu omwe ankasoka ndi amayi amasiye awiri.

"Chemwali, khosi lokongola chonchi mukulithyoleranji? Bweretsani kuno."

"Iii, bambo, jekete lanulo lidanyamulapo kanthu chibadwire?"

Adaseka onse. Madzulo foni idalira: "Diso langa, tiyi wanga lero alibe shuga chifukwa sukuoneka." Mayi wosoka zovala angalimbe mpaka liti?

Posakhalitsa Chedly adabwera ndi nkhani. Chipatala chinkafuna wosoka nsalu za pabedi, ndipo wamng'ono yekha ndiye ankaloledwa.

"Dzina likhala lako, duwa langa. Kuthamanga ndisiyire ine. Ikatheka, zipatso za kanjedza zikapsa ndikubwera kwa amalume ako ndi mphete."

Najoua adasaina, nampatsanso chidindo cha kakampani kake kosoka zovala.

Oyendera a boma ali pafupi kufika kudzaona ngati angaithe ntchitoyo, lole idatsitsa makina onyezimira mpaka kachipinda kosokeramo ka Najoua kadathina. Amasiye aja adalulutira. Najoua adalira, kuyesa ndi mphatso ya chinkhoswe! Oyendera adamwa tiyi, nagwedeza mitu, napita.

M'mawa mwake lole ija idabweranso kudzatenga makina aja.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kwawo, mayi," adatero dalaivala akumanga zingwe. "Ku fakitale ya apongozi a bwana Chedly. Nsaluzo zikusokedwa kumeneko."

"Apongozi?"

"Simudziwa? Ana atatu, wachinayi ali m'njira."

Najoua adamuimbira foni nthawi yomweyo.

"Chedly, ndikukanena!"

"Pita, mtima wanga," adayankha mofatsa. "Lamulo likuti wamng'ono akapatsira wamkulu ntchito yake, amutsekere ndi kumutengera kukhoti. Papepala pali dzina la ndani?"

Akanenanji tsono? Kwa yani? Akalankhula, amasiye agona ndi njala. Akakhala chete, dzina la malemu bambo ake, lolembedwa pachitseko, lidyetsa ana a mkazi wina.

Nsalu zija zidayamba kung'ambika pochapa koyamba, ndipo a chipatala amabwera kudzakalipira Najoua. Zipatso za kanjedza zidapsa, zidakololedwa. Chidindo chikadali m'thumba la jekete la Chedly, ndipo mwezi watha adapatsidwa ntchito ina m'dzina la Najoua.