Chiwongolero Cholemera pa Kamlatho

Usiku udali utapita ndithu pamene Zipora adawakweza amuna ake m'pikapu. A Levison ankadwala mphumu, koma tsiku limenelo idawagwira moipa. Ankapuma molira m'chifuwa, milomo itayamba kuda, ndipo mankhwala awo opopera m'kamwa adali atatha. Mwa anansi awo ku Nsungwi padalibe wina wagalimoto, mvula nayo inkavumba osapumira.

Kuyendetsa Zipora ankadziwa. Chovuta chidali matayala. Dzinja litayamba, a Levison adachotsa matayala enieni a galimotoyo n'kuikako akuluakulu, otakata, a mano okuya, kuti asamatitimire m'matope akanyamula njerwa ndi mchenga. Kutitimira kudathadi, koma chiwongolero chidasanduka mwala. Pikapu yakaleyo inkakhota ndi mphamvu za mikono basi, moti eni akewo ankafika kunyumba akudandaula mapewa.

Popita kuchipatala, Zipora adadzera njira yachidule ya m'mbali mwa manda. Atafika pa kamlatho adaponda buleki. Madzi adali atakwera pamwamba, akuthamanga ndi zinyalala ndi mapesi. Podutsa padalibe. Adayenera kutembenuka.

Koma atembenukire pati? Kumanja kudali ngalande yakuya, kumanzere mitengo ya kumanda, njira payokha yopapatiza. Adagwira chiwongolero ndi manja onse n'kukoka. Osasuntha. Adanyamuka pampando, n'kuchilemerera ndi thupi lonse. Chidangosuntha pang'ono n'kuuma.

"Bambo a Favour, ndithandizeni!"

A Levison adakweza dzanja. Lidagwa lokha. Kupuma kuja kudayamba kudukizadukiza...

Go! Go! Go!

Pagalasi padaima munthu akugogoda. Bambo wamtali, wovala ovololo. Nyali adalibe, ambulera adalibe. Zipora adatsitsa galasi.

"Amayi," adatero bamboyo motsitsa mawu, "matayala awa sakhota galimoto itaima. Iyende kaye. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono."

"Ndigwera m'ngalande!"

"Simugwa. Pano adagwa kale wogwa."

Zipora adaika giya ya m'mbuyo. Galimoto idasuntha. Bamboyo adalowetsa dzanja pawindo n'kuliika pamwamba pa dzanja lake.

Kuzizira kwake! Ngati chitsulo chogona panja. Ndipo mkono wa ovololo udali wouma. Mvula yonseyo... wouma gwa!

Koma chiwongolero chidazungulira. Matayala akamagudubuka, chinkalola.

"Kutsogolo tsopano. Khotani ikuyenda."

Kutsogolo. M'mbuyo. Kutsogolo. Nthambi zidakanda chitseko. Tayala lidanyambita m'mphepete mwa ngalande, dothi lidagumuka... galimoto idakwera. Nyali zidaloza komwe adachokera.

"Ndinu ndani, abambo?"

"Gwanda. Ndimakhala pompano." Adasuzumira a Levison kanthawi. "Thamangani. Awa kuno malo awo kulibe."

Zipora adaponda mafuta. Adayang'ana pagalasi la m'mbali. Mitengo, mvula, matope ofiira ndi nyali za kumbuyo. Munthu ayi.

Pa msewu wozungulira wa tala, galimoto itathamanga, chiwongolero chidapepuka. Kuchipatala anamwino adawathamangira a Levison ndi chikuku, n'kuwavundikira chopumira kumaso. Zipora adakhala pabenchi n'kumadikira. Kunja kukuyera, namwino adatulukira pakhomo.

"Mayi, amuna anu akufunsa ngati mwatseka magalasi a galimoto."

Zipora adaseka, misozi ikuyenderera.

A Levison atatuluka m'chipatala, Zipora adagula shuga ndi buledi n'kupita wapansi ku kamlatho kuja. Madzi adali ataphwa. Pambali pa njira mayi wina wachikulire ankaika makala m'timapepala togulitsa.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ndikufuna kwa a Gwanda."

Mayiyo adasiya makala. "A Gwanda ati?"

"Aatali, a ovololo. Adandithandiza kutembenuza galimoto pompano usiku wa mvula ija, ndikuthamangira ndi odwala kuchipatala."

Mayiyo adapukuta manja pachitenje, n'kumusunthira kampando. "Khalani pansi, mwanawe. A Gwanda adali dalaivala wa lole ya mchenga. Ine ndidabwera kuno ndili ndi mwana kumsana, pano mwanayo ali pabanja. Chaka chimenecho ndi chomwe lole yawo idagubuduka m'ngalande umu akuyesa kutembenuka, mvula ngati yomwe ija. Adafera pomwepo. Agona kuseri kwa mitengo iyo."

Buledi adapulumuka m'manja mwa Zipora. Adayang'ana dzanja lake lamanja, nalipukuta pachitenje, kenako adaleka.

"Si inu oyamba," adatero mayiyo akutola bulediyo n'kumusasa dothi. "Sanapwetekepo munthu. Nanga odwalawo ali bwanji?"

"Ndawasiya akumwa tiyi pakhonde."

"Basitu. Pitani mukamwe nawo."