Thovu M'khitchini mwa Achemwali

Tiyamike anakumana ndi Greyson pa siteji ya Lirangwe mvula ikuwaza, minibasi zonse zikudutsa zodzaza. Greyson ankayendetsa takisi pa bwalo la ndege la Chileka. Anaimitsa galimoto n'kunena kuti mtsikana wokongola chonchi sanganyowe dziko lili ndi amuna. Mawu akalekale amenewo, koma anagwira ntchito. Pofika pa Lunzu anali atapatsana kale manambala.

Kuyambira tsikulo foni ya Tiyamike sinapume. M'mawa: "Wadzuka bwanji, duwa langa?" Masana: "Mtima wanga uli ndi mpando umodzi basi, ndipo wakhalapo ndiwe." Chaka chisanathe akubanja anakumana, tsiku la chinkhoswe n'kuikidwa, ndipo mayi ake a Tiyamike anayamba kusunga mpunga.

Koma mtsikanayu nsanje, abale! Ankachitira nsanje wogulitsa nthochi pa Mdeka chifukwa anamusekerera Greyson. Ankanunkhiza mipando ya takisi, akapezamo tsitsi lalitali mlandu unkatha sabata. Kodi woyendetsa takisi azinyamula amuna okhaokha? Greyson ankangoseka, n'kumugwira pachibwano, n'kumuuza kuti nsanje imamukhala.

Munthu mmodzi yekha amene Tiyamike sankamuganizira anali Patricia, mwana wa amayi ake aakulu, amene ankagulitsa matikiti pa bwalo la ndege lomwelo. Nthawi ina anamufunsa Greyson ngati amawadziwa achemwali akewo. Iye anayankha kuti amangowaonera patali, anthu a m'maofesi sapereka moni kwa madalaivala.

Tsono Patricia atapita ku maphunziro ku Lilongwe, anapempha Tiyamike kuti adzamusungire nyumba ku Chileka. Anamuonetsa zonse mothamanga, chikwama chili kale pamapewa. Za makina otsukira mbale amene anali m'khitchini anangoti, "Awa asiye, uzitsuka pamanja."

Loweruka Tiyamike anaitana bwenzi lake kudzadya nkhomaliro. Greyson anaimba kawiri kufunsa njira, akuti wasochera. Anafika n'kuima pakhomo mwaulemu ngati mlendo weniweni, mpaka kufunsa ngati avule nsapato.

Atatha kudya mpunga ndi nkhuku, Tiyamike anafuna kudzionetsa kuti nayenso za m'tauni amazitha. Anatsegula makina aja n'kuunjikamo zonse mmene amaunjikira m'beseni kwawo: mbale pamwamba pa inzake, makapu atayang'ana kumwamba, mafupa a nkhuku ali momwemo, chipande ndi mthiko pamwamba pa zonse. Anatenga sopo wamadzi wotsukira mbale pamanja n'kuthira mosaumira, kenako anadina batani lalikulu. Makina anayamba kulira bwinobwino, iye n'kubwerera pabalaza akuyenda monyada.

Sipanapite nthawi, thovu linatulukira pansi pa chitseko cha khitchini ngati mkaka wosefukira pamoto. Tiyamike anakuwa. Makina a achemwali! Akawauza chiyani?

Greyson anadumpha. Sanafunse kanthu. Anafika n'kupisa dzanja kuseri kwa firiji, kumene kunabisika switchi ya makinawo, n'kuthimitsa. Anatenga mopu kuseri kwa chitseko cha panja, anakolopa, anachotsa thovu m'makinamo ndi kapu mpaka linatha.

Kenako anayamba kumuphunzitsa, mokoma mtima ndithu. Anati sopo wa pamanja salowa m'menemo, ndiye amachita thovu. Zotsalira za chakudya uziyamba wapalira m'bini. Mbale zimaima chilili m'munsi, iliyonse pampata pake, zitayang'ana pakati kuti madzi azizimenya kumaso. Makapu ndi matambula amakhala m'mwamba chozondoka, apo ayi amatuluka atadzaza madzi akuda. Masupuni ali ndi kabasiketi kawo. Chipande ndi mthiko anaziika pambali, akuti zamtengo zimang'aluka ndi madzi otentha. Anazunguza ndi chala kachitsulo kopopera madzi kuti aone ngati sikakugunda poto.

Tiyamike anaima atatsamira sinki, akuyang'ana manja amenewo. Awa ndi manja a munthu amene kwa amayi ake sanagwirepo ngakhale chikho? Koma anadziletsa. Mwina anaonera pa foni. Mwina anagwirapo ntchito ku hotela.

Apo Greyson anaima pa zala, anatsitsa chitini chakale cha mabisiketi pamwamba pa kabati, natulutsamo kam'bulu kamodzi ka sopo wa makinawo. Anakaika m'kabokosi ka pa chitseko, anatseka, n'kupukuta manja. Chitini chopanda chizindikiro chilichonse, chobisika kuseri kwa mabotolo, chimene Tiyamike mwiniwake sanachione chifikire m'nyumbamo.

"Kamodzi kokha kamakwana, switi," anatero akumwetulira.

"A Greyson," Tiyamike anayankhula motsitsa mawu, "mesa munasochera pobwera kuno?"

Kumwetulira kuja kunauma. Anayamba kunena kuti nyumba zonse za masiku ano n'zofanana, kuti aliyense angaganize kuti sopo ali m'chitini. Tiyamike sanamudule. Anangomuyang'ana mpaka mawu anamuthera okha. Paja fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Nsanje yonse imene anamwaza kwa ogulitsa nthochi ndi kwa tsitsi la anthu osawadziwa inabwera pamodzi n'kumukhala pachifuwa. Anaona m'maganizo mwake Patricia ataima pomwepa, akuseka, akumugwira dzanja Greyson kumuonetsa poika makapu. Kangati? Anadya chiyani? Nayenso ankamutchula duwa? Zinamuwawa kwambiri moti misozi inakana kutuluka.

Greyson anagwada pa simenti yonyowayo, thalauza n'kunyowa m'mawondo.

"Tiya, moyo wanga, ndikuvomera. Ndinkabwera kuno. Koma ndi zakale, ndisanakudziwe iwe. Zinatha, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Chinkhoswe chathu chisafe chifukwa cha zinthu zakufa kale."

Tiyamike anafuna kukhulupirira. Anafunadi ndi mtima wake wonse, pakuti ankamukonda mnyamatayu, ndipo nsalu ya chinkhoswe inali kale kwa telala. Anayang'ana makina aja, oyera mbee, pulasitiki ya kusitolo isanamatulidwe n'komwe pa chogwirira.

"Dzukani, a Greyson, mukunyowa," anatero. "Makinawa achemwali agula mwezi wathawu. Ndinawaperekeza ndine."